Mawu oti ephemeral, ngumbi, ndi chitini cha malemu bambo

Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4 chaka chino, ndiye masiku ano foni yanga sipuma. Tsiku lina usiku cha m'ma 10 koloko ndikuti ndizigona, meseji yalowa: "Amalume, ephemeral ndi chani? Ndawapeza mu pepala la mayeso akale." Ine kuyankha msangamsanga ngati munthu wodziwa zinthu, ndinati ndi chinthu chosakhalitsa. Sipanathe mphindi, iye uja: "Nde kusiyana kwake ndi temporary ndi kotani?" Apa ndiye ndinagwidwa. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso, kufufutanso, iye kwinaku akungoona kuti amalume akutaipa koma palibe chikubwera, mpaka ndinangoti gona mwanawe tikamba mawa. Mawa lakelo lakhala masabata atatu, chifukwa nditayamba kuwatsata mawuwa ananditengera kutali komwe sindimayembekezera.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo. Zaka zonse za ku sekondale ine mawu amenewa ndinkawatchula molakwika. Mukudziwa ife tikaona p ndi h zitagundizana timawerenga ngati mu phiri, phala, phwando, ndiye ine ndinkati e-phe-meral, ndi mpweya wonse, monyadira. Azungu ph wawoyo amamutchula ngati f, ndipo mphamvu imagwera pa chigawo chachiwiri: i-FE-me-rol. Amene anandikonza ndi mayi wina wa ku ofesi, pagulu, anthu nkuseka, ine nkusekanso nawo koma mumtima zikuwawa. Ndiye tamverani chimene ndapeza pano. Mawuwa ndi ochokera ku Chigiriki, ephemeros, ndipo ndi mawu awiri olumikiza: epi, kutanthauza "pa", ndi hemera, kutanthauza "tsiku". Chinthu cha pa tsiku, cha tsiku limodzi. Ndipo Agiriki akale a nthawi ya Aristotle, katswiri wawo wa nzeru zakuya uja, chilembo chimenecho sankachitchula f ayi, ankachitchula p wotulutsa mpweya, chimodzimodzi ph wathu wa mu phiri. Kusanduka f kunabwera pambuyo pake. Eti ine ndi kulakwitsa kwanga konse kuja ndinali pafupi ndi eni ake mawuwo kuposa amene ankandisekawo. Mayi aja anapuma pa ntchito kalekale moti ndilibe kokabwezera, ndangoti ndilembe pano mtima ukhale pansi.

Mu Chingelezi mawuwa sanalowere ku ndakatulo monga mmene munthu angaganizire, analowera ku chipatala. Asing'anga a ku Ulaya akale ankati ephemera ponena kutentha thupi kwa tsiku limodzi, kuja munthu umagona ukunjenjemera koma mawa lake wadzuka uli gwa ngati palibe chinachitika. Ephemeral weniweniyu anayamba kuoneka m'zolemba za Chingelezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo pang'onopang'ono anachoka pa matenda nkufalikira ku maluwa, tizilombo, kutchuka, chikondi, chilichonse chimene chimabwera nkupita usanachizolowere. Koma ku matenda kuja sanachokeretu. Alangizi a ziweto amadziwa nthenda ya ng'ombe yotchedwa bovine ephemeral fever, imene imafala ndi tizilombo toluma ngati udzudzu makamaka nthawi ya mvula, ng'ombe imatentha thupi, miyendo kuuma, kutsimphina, pena kugona pansi osadzuka mwini wake nkuyamba kuganiza zonola mpeni, koma zambiri pakatha masiku atatu zimadzuka nkuyamba kudya msipu. Nchifukwa chake alimi a ku South Africa ndi kwina amangoitchula nthenda ya masiku atatu. Onani kuti apa tsiku limodzi lija lakhala atatu. Mawuwa sawerengera maola ngati wotchi, amangoti chinthuchi sichichedwa.

Komwe ine ndinakhalitsa ndi pa tizilombo. Kuli kachilombo kouluka kamene Azungu amati mayfly, ndipo gulu lake lonse asayansi analipatsa dzina loti Ephemeroptera, ndiye kuti mapiko a tsiku limodzi. Mitundu yake ndi yoposa 3,000 dziko lonse. Aristotle yemwe uja analemba za kachilombo kotere ka ku mtsinje wa Hypanis, cha ku nyanja ya Black Sea, kuti kamatuluka m'mawa nkufa dzuwa likamalowa, ndipo anakatcha ephemeron. Kakakula nkumera mapiko kachilomboka sikadya nkomwe, kamwa yake siigwira ntchito, ntchito yake ndi imodzi basi: kupeza kanzake, kuikira mazira pamadzi, kufa. Mtundu wina wa ku America, Dolania americana, kakakazi kake akuti sikakwanitsa ngakhale mphindi 5 kali ndi mapiko. Mphindi 5 anthuni, madzi a nsima asanatenthe nkomwe.

Koma nkhani imene anthu ambiri saiuzidwa ndi iyi. Kachilombo kameneka kasanamere mapiko kamakhala m'madzi, m'matope pansi pa mtsinje, miyezi yambiri, mitundu ina zaka. Ku Hungary kuli mtsinje wa Tisza, ndipo chaka chilichonse chapakati pa June anthu amakhamukira m'mbali mwake kukaonerera mamiliyoni a tizilomboti tikutuluka nthawi imodzi chakumadzulo, pamwamba pa madzi ponse kuchita kuphimbika, eni ake amati mtsinje wachita maluwa. Pakatha maola ochepa zatha, mitembo ili mbwee pamadzi. Koma tizilombo timeneto timakhala titatha zaka zitatu m'mauna a m'dothi la pansi pa mtsinjewo, kudya, kukula, kufundula, popanda ndi mmodzi yemwe wotijambula. Ndiye ukati moyo wake ndi wa tsiku limodzi ukunama. Cha tsiku limodzi ndi chimene ife taona.

Nditawerenga zimenezi ndinangoti aaa, koma izi si ngumbi izi? Kwathu mvula yoyamba ikagwa bwinobwino, madzulo ake timadziwa kuti lero kuchulu kuli nkhani. Tinkatenga ndowa, beseni la madzi, muuni wa udzu, amene ali m'tauni amangodikira pansi pa babu la pakhonde. Zimatuluka ngati zachita kupangana, kuzungulira kuwala, mphindi zingapo mapiko ayamba kuthothoka, m'mawa ukadzuka pakhonde pali mapiko okhaokha oti kamphepo kakangodutsa apita. Koma chulu chija chakhala chikukonzekera usiku umenewo chaka chonse. Ndipo pa zikwizikwi zimene zimathera m'chiwaya, m'kamwa mwa achule ndi nkhuku, ziwiri zikapulumuka nkulowa pansi, imodzi imadzakhala manthu wa chulu chatsopano ndipo imakhala zaka zambirimbiri ikuikira mazira. Ndiye Mzungu atafuna kugwiritsa bwino mawu ake aja anganene kuti kuuluka kwa ngumbi ndi ephemeral, koma ngumbiyo payokha ayi ndithu.

A kunyanja ali ndi chitsanzo chawo choposa apa. Amene munakhalako ku Nkhata Bay kapena ku Likoma mukudziwa nkhungu, timouluka tija timatuluka pakati pa nyanja nkukwera m'mwamba ngati utsi, mlendo amayamba kufunsa ngati kukupsa sitima. Si gulu limodzi ndi mayfly, ndi tamtundu wina, koma khalidwe ndi lomwelo, mphutsi zake zimakhala pansi pa madzi nthawi yaitali kenako tonse nkutulukira pamodzi, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda amayi amatikola ndi malichero nkuumba timikate takuda tokhala ndiwo. Chimene chimandisangalatsa ndi dzinalo, chifukwa nkhungu ndi ijanso imakuta phiri m'mawa dzuwa likangotentha nkusowa. Makolo athu sanafunike Chigiriki kuti aone kufanana kwake.

Tsopano funso la mwana uja. Mmene ndikuonera ine, temporary ndi chinthu chimene munthu wachiika kuti chigwirizire podikira chenicheni, ndipo ali ndi tsiku m'mutu loti adzachichotsa. Mlatho wongoyembekezera madzi akakokolola weniweni, mphunzitsi wogwirizira, chisakasa cha pamaliro. Ndipo tonse tikudziwa kuti kuno kwathu chinthu cha temporary chimatha kukhala zaka 20, mwana kubadwa mpaka kukwatira mlatho ukadali wongoyembekezera womwe uja. Ephemeral sizitheka zimenezo. Kusakhalitsako ndi chibadwa chake, palibe anakhala pansi nkugamula, palibenso komiti ingakumane kuti tiwonjezereko miyezi isanu ndi umodzi. Mame, utawaleza, thovu la pa thobwa, fungo lija limatuluka m'dothi mvula yoyamba ikangodontha. Pali abale ake ena, fleeting amene amakonda zinthu zongodutsa mwaliwiro ngati kumwetulira kwa munthu pa windo la minibasi, ndi transient amene amanenedwanso kwa anthu ongogona usiku umodzi nkupitirira ulendo, koma amenewo ndinamuuza mwana kuti asadzazitse nawo mutu.

Chichewa chathu pa nkhani iyi sichosauka ayi, kungoti ife timakonda kunena mmene chinthucho chikuthera. Nsalu imasuluka, duwa limafota, moto umazilala, chithunzi chimafwifwa, mawu a munthu akamapita kutali amazimiririka, mapiko a ngumbi amathothoka. Mzungu watenga zonsezi nkuziika m'thumba limodzi nkulembapo ephemeral. Ndikamamasulira zikalata za ku ntchito ndimavutika napo apa, chifukwa "chosakhalitsa" ndi zoona koma ndi mawu ozizira, amakwanira pa batire la foni, pa nsapato za pa kaunjika, pa ukwati wa anthu ena, pomwe ephemeral nthawi zambiri amabwera ndi kachisoni pang'ono ndi kakusirira, ngati munthu akuti zinali bwino bwanji koma zapita. Ndinawapezapo mu lipoti lina la za madzi, analemba ephemeral stream, ine nkumaganiza kuti ndi chinthu chapatali chaukatswiri, kufunsa mnzanga wodziwa za mitsinje anangoseka nkuti aise ndi mfuleni chabe, kakhwawa kaja kamayenda madzi mvula ikagwa, mawa lake ana akuseweramo mpira pa mchenga. Akatswiriwo amasiyanitsa ndithu: mtsinje woyenda chaka chonse ngati Shire, wina woyenda dzinja lokha nkuuma chilimwe, ndi uwu wongoyenda mvula ikagwa kumene. Ku Namibia mitsinje ikuluikulu ngati Kuiseb ndi Swakop ili m'gulu lomalizali, pamapu yajambulidwa bwinobwino ndi mzere wabuluu koma ukafikapo ndi mchenga wokhawokha, madzi amabwera masiku owerengeka pachaka ndipo zaka zina safika nkomwe kunyanja.

Chenjezo limodzi kwa a mayeso ndi a ma imelo: awa ndi mawu a m'mabuku. Ku London simudzamva munthu mu basi akudandaula kuti malipiro ake ndi ephemeral, pokhapokha ngati akuchita nthabwala. Ukawaponya paliponse umaoneka ngati wavala suti kudimba. Ndipo pali kagwiritsidwe kena kamene ine sindikakonda, kowasandutsa chitonzo. Munthu akafuna kunyoza nyimbo za achinyamata kapena mavidiyo a pa TikTok amangoti zonsezi ndi ephemeral, kutanthauza kuti ndi zopanda pake. Koma mawuwo sanena za mtengo wa chinthu, amanena za kutalika kwa nthawi imene chikuoneka basi. Gule wa pa chinkhoswe amatha usiku womwewo, koma amayi aja anayeserera milungu ingati? Nsima imene yatha mphindi khumi pa mphasa inayamba ndi kusosa mu September.

Kumene mawuwa atchuka kwambiri masiku ano ndi m'mafoni mwathumu. Snapchat itayamba mu 2011 ndi zithunzi zoti munthu akaona zizifufutika zokha, olemba nkhani za tekinoloje anayamba kunena za ephemeral messaging, kenako Instagram inabweretsa Stories mu 2016, WhatsApp nayo nkubweretsa sitetasi imene timaidziwayi mu February 2017. Ndipo taonani nthawi imene anasankha: maola 24. Tsiku limodzi ndendende, epi hemera, Mgiriki wakale atadzuka lero angagwedeze mutu kuti eya, mwamva bwino. Mu 2020 a WhatsApp anawonjezera mameseji ozimiririka okha pakatha masiku 7, kenako zithunzi zoona kamodzi kokha. Koma inu ndi ine tikudziwa mmene zimathera. Sitetasi imene munthu waika 2 koloko usiku atakwiya ndi apongozi ake, nkuichotsa 6 koloko m'mawa mutu utazizira, imakhala kuti wina waijambula kale sikirinishoti ndipo ikuzungulira m'magulupu atatu, limodzi la ku mpingo. Chimene chinapangidwa kuti chife mawa ndi chimene chimakana kufa. Pomwe zithunzi za ukwati wanga zimene ndinkati ndasunga mpaka kalekale zinapita ndi memore khadi imene inangoti tsiku lina sikuwerengeka.

Izi ndi zimene zinandifikitsa pa chitini. Mu Chingelezi muli dzina lochokera pa tsinde lomweli, ephemera, limene limanena timapepala tosindikizidwa kuti tigwire ntchito kamodzi nkutayidwa: matikiti, malisiti, timapepala totsatsa malonda, makhadi oitanira ku ukwati, mapulogalamu a pamaliro, zikutiro za sopo. Ngakhale nyuzipepala, Agiriki a lero amaitchula efimerida, ya tsiku limodzi, ndipo ndi zoona chifukwa ya dzulo ife timakulungira mandasi. Ndiye kuli anthu amene moyo wawo wonse ndi kutolera zinyalala zimenezi. John Johnson, amene anali mkulu wosindikiza mabuku pa yunivesite ya Oxford kuyambira 1925 mpaka 1946, anatolera timapepala totere tochuluka moti lero tili ndi malo akeake mu laibulale ya Bodleian, toposa miliyoni imodzi. Maurice Rickards anayambitsa bungwe lake la Ephemera Society ku London mu 1975. Poyamba ndinaseka, ndinati Azungu akakhuta amasowa chochita. Kenako ndinakumbukira kuti bambo anga anali John Johnson wa m'mudzi mwathu, kungoti analibe Oxford.

Malemu bambo sankataya pepala. Anali ndi chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, chomanga ndi lamba wa chubu cha njinga, ndipo ife ana tinkaletsedwa kuchikhudza moti tinkaganiza kuti muli ndalama. Atamwalira tinachitsegula pamaso pa amayi ndi atsibweni, aliyense khosi lili tolotolo, nkupeza mapepala okhaokha. Matikiti a basi za UTM, malisiti a msonkho, makhadi a chipani a nthawi ya Kamuzu aja munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi opanda, chaka ndi chaka atawasanja bwinobwino, malisiti ogulitsira mtedza ndi fodya, kapepala ka sikelo ya ku chipatala ka ine ndemwe, ndi ndalama imodzi yachitsulo ya nthawi ya mapaundi kwacha isanabwere mu 1971. Atsibweni anakhumudwa poyera, anati mutenthe izi zingoitana mbewa. Amayi anati zisiyeni. Ine ndinatenga chitinicho mosafuna kwenikweni, ndipo chakhala pamwamba pa wadiropu zaka zonsezi.

Sabata yatha ndinachitsitsa. Bambo sanasiye kalata yotsanzika, sanalembe mbiri yawo, sanali munthu wokamba zakale, ukawafunsa ankangoti zinapita zimenezo. Koma m'timapepala timeneti ndinawapeza onse. Ndinaona chaka chimene anayenda ulendo wa ku Lilongwe kanayi mwezi umodzi, ndipo nditafunsa amayi anati ndi nthawi imene achemwali anagonekedwa m'chipatala ali khanda, nkhani imene ine sindinaimvepo. Ndinaona chaka chimene mtedza unachita bwino, malisiti ali mulu, ndi chaka chotsatira pali kamodzi kokha. Kuseri kwa tikiti ina analembapo masamu ndi pensulo, kuchotsera, kuchotseranso, pansi nkulemba dzina langa ndi mawu oti fizi. Kondakitala amene anang'amba tikiti imeneyo ankadziwa kuti ikafika madzulo ili m'ngalande. Yatha zaka zoposa 40.

Ndiye ndinayesa kuchita zomwezo ndi zanga, kuti kodi ana anga adzapeza chani. Ndinatsegula kabati momwe ndimaponyamo malisiti a m'mashopu, ndipo theka lake ndi mapepala oyera mbee. Malisiti a makina a masiku anowa alibe inki, pepalalo analipaka mankhwala amene amada akatenthedwa ndi kamutu ka makinawo, ndiye likakhala pa dzuwa, m'thumba lotentha kapena kungokhala miyezi ingapo zolembazo zimafwifwa mpaka kutheratu. Lisiti la filiji imene ndinagula chaka chatha, lija anandiuza kuti ndisunge bwino chifukwa cha galanti, likungooneka kamzere kamodzi pamwamba. Makhadi okala a mayunitsi amene tinkataya paliponse aja nawo akusowa, tonse tikugula pa foni. Tikiti ya basi ndi meseji. Kalata yoitanira ku ukwati ndi chithunzi cha pa gulupu chimene chidzapita tsiku limene foni idzati malo adzadza.

Mwana uja ndinamuyankha Lamlungu, pa voisi noti ya mphindi 9 imene ndikukayika ngati anaimvera yonse. Ndinamuuza za Agiriki, za ng'ombe, za ngumbi, ndinamuuzanso kuti agogo ake anasunga tikiti yolembapo fizi ya amalume ake. Anayankha ndi ka emoji ka m'maso muli misozi, kenako nkuti: "Nde pa mayeso ndilembe chani amalume?" Ndinati lemba kuti lasting for a very short time, upeze malikisi ako. Madzulo ake ndinaona waika sitetasi, chithunzi cha mapiko a ngumbi ali mbwee pakhonde la kwawo, pansi walemba mawu aja, koma wasiya h. Ndinajambula sikirinishoti, ndipo mawa ndikukaisindikiza pa pepala kwa mnyamata wa fotokope pa msika kuti ilowe m'chitini.